Kalata ya abusa kwa mpingo: za mapasipoti ndi maviza tisanawolokere ku Ulaya

Kwa akulu a mpingo, atumiki, amayi a chigwirizano, achinyamata ndi akhristu onse a mpingo wathu kuno ku Manchester ndi madera oyandikana nawo.

Okondedwa abale ndi alongo mwa Ambuye,

 Chisanu chikutha, dzuwa layamba kuchedwa kulowa, ndipo m'mabanja ambiri nkhani ya tchuthi cha ana cha mu Julayi ndi Ogasiti yayamba kale kukambidwa. Ena mukusunga ndalama za kumudzi, ena maso ali ku Spain ndi ku Portugal. Amayi ndi achinyamata nawonso abwera ndi ganizo la ulendo wa mpingo wa pabasi, wodzera ku Dover mpaka ku Netherlands. Akulu a mpingo atakambirana ganizoli anandipempha kuti ndikulembereni za zikalata zoyendera aliyense asanalipire kanthu, pakuti malamulo amene ambiri tili nawo m'mutu ndi akale.

Wina anena kuti abusa alowerera za boma. Werenganinso chaputala chachiwiri cha buku la Nehemiya. Mfumu Aritasasta itamufunsa chimene ankafuna, Nehemiya anayamba wapemphera chamumtima, kenako n'kupempha zinthu zogwirika ndi manja: makalata opita kwa abwanamkubwa a kutsidya kwa mtsinje kuti amulole kudutsa mpaka ku Yuda, ndi kalata ina ya kwa Asafu woyang'anira nkhalango ya mfumu. Munthu wa Mulunguyu sanaone kuti kupempha makalata kukuchepetsa pemphero lake. Ndanena izi chifukwa ndamvapo mawu akuti tingonyamuka, Mulungu akatsegula njira pachipata. Tidzapempherera ulendo, inde, koma msilikali wa pamalire adzafuna kuona pasipoti.

Zinthu zinasintha chonchi. Pa 23 Juni 2016 anthu a m'dziko lino anavota, ndipo pafupifupi 52 mwa 100 alionse anasankha kutuluka mu mgwirizano wa maiko a ku Ulaya wa EU. Ena mwa inu munavota nawo, pakuti nzika za Commonwealth zokhala kuno movomerezeka zinali ndi ufulu umenewo, ndipo sindikufunsa kuti munavota chiyani. Britain inatuluka pa 31 Januwale 2020, koma malamulo akale anapitirira mpaka kutha kwa chaka chimenecho, ndipo atsopano anayamba pa 1 Januwale 2021. Chifukwa cha mliri wa Covid-19 anthu ambiri sanayende nthawi imeneyo, n'chifukwa chake mpaka lero ena amadzidzimukira pabwalo la ndege. Akuluakulu amene munabadwa m'nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinatha pa 31 Disembala 1963, mukudziwa kuti maiko akalekana andale amasiya msanga kukangana pawailesi, koma malire amatsala, ndipo wokumana nawo ndi munthu wamba wonyamula chikwama.

Chimene chikundikhudza kwambiri ndi ichi: Lamulungu timakhala pa benchi imodzi, timaimba nyimbo imodzi, koma m'matumba mwathu muli mapasipoti osiyana. Alipo a pasipoti ya Britain. Alipo a pasipoti ya Malawi, ya Zambia kapena ya Zimbabwe, ena a chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale, ena a viza ya ntchito kapena ya sukulu. Alipo abale ochokera ku Mozambique amene ali ndi pasipoti ya Portugal, amene kwa iwo chipata cha ku Ulaya chikadali chotseguka ngati kale. M'nyumba imodzi mumapezeka bambo wa pasipoti ina, mayi wa ina, ana a inanso. Basi yathu ikafika ku Dover aliyense adzafunsidwa payekha.

Ndiyambe ndi inu a pasipoti ya Britain, chifukwa ndinu amene mumadzidalira kwambiri. Simufunika viza kuti mukacheze m'maiko a Schengen, amene tsopano alipo 29. Dzinali ndi la mudzi wina wa ku Luxembourg kumene pangano lochotsa zipata za pamalire linasainidwa mu 1985. M'maikowa muli France, Germany, Spain, Italy, Netherlands, Portugal ndi ena ambiri, kuphatikizapo Norway, Switzerland, Iceland ndi Liechtenstein amene sali mu EU. Koma pasipoti yanu iyenera kukwaniritsa zinthu ziwiri. Pa tsiku lolowa, ikhale isanakwane zaka 10 chiperekedwere. Ndiponso ikhale ndi miyezi itatu yotsala kuwerengera kuchokera tsiku limene mukufuna kutuluka.

Lamulo loyambalo ndi limene lagwetsa anthu ambiri. Mwezi wa Sepitembala 2018 usanafike, munthu akakonzetsa pasipoti yakale isanathe, ofesi ya mapasipoti inkamuwonjezera miyezi yotsalayo mpaka isanu ndi inayi. Choncho alipo mapasipoti olembedwa kuti adzatha patapita zaka 10 ndi miyezi ingapo. Tiyerekeze kuti yanu inaperekedwa pa 5 Juni 2016 ndipo yalembedwa kuti idzatha pa 5 Marichi 2027. Mukaiyang'ana mwezi wa Julayi 2026 muona kuti ikadali yamoyo, ndipo kupita nayo ku Lilongwe mukhoza. Koma ku France kapena ku Spain akayang'ana tsiku loperekedwa, n'kupeza kuti zaka 10 zinakwana pa 5 Juni, ndipo a kampani ya ndege sadzakulolani n'komwe kukwera. Ndalama za tikiti ndi hotela zimapita. Madzulo ano tulutsani mapasipoti onse a m'nyumba mwanu, muwerenge masiku awiri onsewo. Musaiwale a ana, amene amatha pa zaka zisanu zokha. Za mtundu wa chikuto musade nkhawa: yofiirira yakale ija imagwira ntchito mofanana ndi yabuluu imene inayamba kuperekedwa mu 2020, bola masiku akhale bwino.

Chachiwiri ndi kuwerenga masiku. Mumaloledwa kukhala masiku 90 mkati mwa masiku 180 alionse, ndipo masikuwo amawerengedwa m'maiko onse a Schengen pamodzi. Kuchoka ku Spain kupita ku Germany sikuyambitsa kuwerenga kwatsopano, ngakhale kubwerera kuno kwa sabata imodzi. Tsiku lililonse amayang'ana m'mbuyo masiku 180 n'kuona kuti mwakhalamo angati, tsiku lolowa ndi lotuluka n'kuwerengedwa onse. Kwa wa tchuthi cha masabata awiri palibe vuto. Ndikuganizira amayi athu amene amapita kukathandiza ana awo pa chikuta. Mayi akalowa ku Germany pa 1 Marichi n'kubwerera pa 15 Meyi wadya masiku 76, ndipo akafuna kupita nawo pa ulendo wa mu Julayi watsala ndi 14 okha. Mdzukulu akadwala n'kuwaitananso, masiku aja sawonjezedwa ngakhale chifukwa chake chili chomveka. Wopitirira malire akhoza kulipitsidwa chindapusa kapena kuletsedwa kulowanso kwa nthawi. Masikuwanso ndi ochezera. Wofuna kukagwira ganyu, ngakhale kwa mbale wake, afunika chilolezo cha dziko limenelo, pakuti ufulu wogwira ntchito kulikonse ku Ulaya unatha pamodzi ndi umembala.

Kale ena ankadalira kuti msilikali wotopa sangawerenge zidindo zonse za m'pasipoti. Pa 12 Okutobala 2025 maiko a Schengen anayamba kugwiritsa ntchito njira ya pakompyuta yotchedwa EES, ndi ndondomeko yakuti ifike pa zipata zonse pofika pa 10 Epulo 2026. Amajambula nkhope, amatenga zidindo za zala, ndipo makina amasunga tsiku lolowa ndi lotuluka. Ana osakwana zaka 12 satengedwa zidindo za zala. Njirayi ikukhudza a pasipoti ya Britain ndi a viza yochezera omwe. Ku Dover, ku Folkestone ndi ku St Pancras asilikali a ku France amagwirira ntchito yawo mbali ino ya nyanja, choncho zonsezi zidzachitika tisanawoloke, ndipo basi yonse idzayenera kudikira mpaka womaliza atatha. Akuluakulu ena amachita mantha ndi zotenga zalazi, ndipo ndamvapo ena akuzilumikiza ndi za m'buku la Chivumbulutso. Ndidzakamba nanu za bukulo mofatsa pa phunziro la Baibulo. Pano ndingonena kuti ambiri mwa inu amene munabwera kuno ndi viza munapereka kale zala zanu pofunsira viza imeneyo, ndipo chikhulupiriro chanu sichinasunthe.

Kukubweranso chilolezo china chotchedwa ETIAS, chimene a EU alengeza kuti chidzayamba chakumapeto kwa 2026. Chidzakhala cha anthu oyenda opanda viza, monga a pasipoti ya Britain. Chidzafunsidwa pa intaneti, mtengo wake ndi mayuro 20, ndipo chidzagwira ntchito zaka zitatu kapena mpaka pasipoti itatha. Ana osakwana zaka 18 ndi akuluakulu opitirira zaka 70 sadzalipira. Wina akakutumizirani uthenga pa WhatsApp wakuti mulipire ETIAS nthawi yake isanakwane, ameneyo ndi wakuba.

Tsopano kwa inu a pasipoti ya kumudzi. Kwa inu viza ya Schengen inkafunika kale ndipo ikufunikabe. Chilolezo chokhala kuno, ngakhale chija cha mpaka kalekale, ndi cha Britain yokha, ndipo ku Calais, ku France, sichikutsegulirani chitseko. Chimene chinasintha ndi cha mabanja. Britain ili mu EU, mayi wa pasipoti ya Malawi wokwatiwa ndi nzika ya Britain ankatha kupeza viza mwaulere ndi mwamsanga akamayenda ndi mwamuna wake, chifukwa ankawerengedwa ngati wa m'banja la nzika ya EU. Lero mwamunayo si nzika ya EU, ndipo mayiyo amaima pamzere ndi kulipira ngati wina aliyense. Kuyambira mu Juni 2024 mtengo wa viza ndi mayuro 90 kwa wamkulu ndi 45 kwa mwana wa zaka 6 mpaka 11, ndipo ocheperapo salipira. Pamwamba pake pali ndalama za makampani olandira mafomu m'malo mwa akazembe, monga VFS Global, TLScontact ndi BLS. Amafuna inshuwalansi ya zaumoyo yosachepera mayuro 30,000, umboni wa kumene mukagone, wa ntchito yanu, wa ndalama za kubanki, ndi umboni wakuti chilolezo chanu cha kuno chidzakhala chikugwirabe ntchito mukabwerera. Pasipoti ikhale ndi masamba awiri opanda kanthu.

Mukhoza kufunsira viza kutatsala miyezi isanu ndi umodzi, ndipo musachedwe kufika masiku 15 omaliza. Kawirikawiri yankho limatuluka m'masiku 15, koma likhoza kutenga mpaka 45. Chovuta chenicheni ndi kupeza tsiku lokaonekera, chifukwa chilimwe chikayandikira malo amatha. Fomu imapita ku dziko limene mukakhale masiku ambiri. Makolo amene abwera kudzationa ndi viza ya alendo kawirikawiri saloledwa kufunsira viza ya Schengen ali kuno, amayenera kufunsira kumene amakhala. Musawalonjeze agogo Paris musanafunse, paja safunsa anadya phula.

Pano ndiyenera kulankhula ngati m'busa wanu. Malo akasowa kumabwera anthu ogulitsa masiku okaonekera, okonza makalata a hotela abodza, ndi olangiza kuti mubwereke ndalama kwa mnzanu zigone m'banki masiku ochepa kuti chikalata chioneke chonenepa. Ena amafunsira viza ku dziko limene sakupitako chifukwa kumeneko mzere ndi waufupi. Zonsezi ndi bodza, ndipo mkhristu sayenera kusaina bodza ngakhale litakhala lopita kwa mlendo amene sadzamuonanso. Kukanidwa viza kumalembedwanso m'kaundula amene maiko onse a Schengen amaona, motero bodza la chaka chino limakutsatirani pa fomu ya chaka chamawa. Ine ndi mlembi wa mpingo tidzalemba makalata a umboni mokondwa kwa aliyense amene alidi pa ulendowu. Koma musandipemphe kulemba kuti msuweni wanu ndi wa kwaya pamene sitinamuonepo akuimba. Ndidzakana, ndipo ndikupempha kuti tisadane pa chifukwa chimenecho. Kalata imodzi yabodza ikagwidwa, makalata onse a mpingo uno adzakayikiridwa, ndipo olangika adzakhala ana athu amene akunena zoona.

Kutuluka ndi mbali imodzi, kubwerera ndi ina. Makadi aja a chilolezo chokhala kuno, a BRP, anatha ntchito pa 31 Disembala 2024, ndipo tsopano chilolezo chanu chili pa intaneti, pa akaunti ya UKVI. Lowanimo musananyamuke, muone ngati dzina ndi tsiku lobadwa zili bwino, ndipo ngati mwatenga pasipoti yatsopano muilumikize ku akauntiyo. A kampani ya ndege akalephera kuona chilolezo chanu pa makina awo mukhoza kutsala ku Malaga, ku Spain, anzanu akubwerera. Achinyamata, thandizani makolo anu pa zimenezi mopanda kuwanyoza. Amene muli ndi mapasipoti awiri, ya Britain ndi ya kumudzi, popita ku Ulaya ndi pobwerera gwiritsani ntchito ya Britain. Ndipo inu amene munatumiza fomu yowonjezera chilolezo ku Home Office ndipo yankho silinabwere, chonde khalani pansi. Mukatuluka kupita ku Ulaya fomuyo imawerengedwa ngati mwaichotsa nokha. Tchuthi cha masiku asanu chisakugwetsereni zaka zimene mwavutikira.

Za Ireland ndinenepo pang'ono chifukwa zimasokoneza. Dzikolo lili mu EU koma silili mu Schengen, ndipo lili ndi pangano lakelake lakale ndi Britain. Nzika ya Britain imapita ku Dublin momasuka ndipo masiku 90 aja sawerengedwa. Wa pasipoti ya Malawi afunika viza ya Ireland, ndipo ya Schengen siigwira ntchito kumeneko. Basi yochoka ku Belfast imawoloka malire popanda chipata chooneka, komabe lamulo lilipo ndipo apolisi amaimitsa mabasi nthawi zina.

Zotsalazi ndi zazing'ono koma zimawononga ulendo. Kadi yakale ya zaumoyo ya EHIC inalowedwa m'malo ndi GHIC, imene imaperekedwa ulere kudzera ku NHS, choncho musalipire aliyense kuti akupezereni. Imathandiza pa chipatala cha boma mukadwala mwadzidzidzi, koma siilipira ndege yobweza wodwala kapena maliro. Ife amene tasonkhapo ndalama zotumizira thupi kumudzi tikudziwa kulemera kwa mtolo umenewo, ndiye gulani inshuwalansi ya paulendo ndipo muwauze zoona za matenda amene muli nawo, kaya ndi shuga kaya kuthamanga kwa magazi. Amayi okonza kamba wa paulendo, dziwani kuti kuyambira mu 2021 nyama, mkaka ndi zopangidwa kuchokera ku zimenezi siziloledwa kulowa mu EU kuchokera kuno. Mu Januwale chaka chimenecho asilikali a pamalire ku Netherlands analanda madalaivala a malole buledi wawo chifukwa munali nyama ya nkhumba, ndipo nkhaniyo inaonetsedwa pa kanema. Nkhuku yokazinga idyedwe ithe tisanafike ku Dover. Oyendetsa galimoto zawo, chizindikiro cha GB chinasinthidwa kukhala UK mu Sepitembala 2021. Funsaninso kampani ya foni yanu za mtengo wa kunja, pakuti ambiri anabwezeretsa malipiro amene anali atachotsedwa. Mwana woyenda ndi azakhali ake kapena ndi kholo limodzi, makamaka ngati maina a bambo akusiyana, atenge kalata ya chilolezo ya makolo ndi chikalata chake chobadwira. Abale athu a mapasipoti a ku Ulaya amene akufuna kudzationa kuno auzeni kuti kuyambira pa 2 Epulo 2025 nawonso amafunika chilolezo cha ETA asananyamuke.

Tsono za ulendo wa mpingo. Akulu a mpingo agwirizana kuti tsiku lonyamuka lisankhidwe poyang'ana amene akufunika viza, pakuti ndiwo ofuna nthawi yaitali. Wa pasipoti ya Britain akhoza kuganiza Lachisanu n'kunyamuka Loweruka, ndipo n'zosavuta kwa iye kuiwala kuti mlongo wokhala naye pafupi afunika miyezi iwiri, tsiku lopuma kuntchito, ndi ndalama zoposa zake. Ambiri mwa alongo amenewa ndi osamalira okalamba, ogwira usiku, amene malipiro awo amagawidwa kale pakati pa lendi ya kuno ndi fizi ya kumudzi. Choncho ndalama za viza za opita pa ulendowu zidzaphatikizidwa pa mtengo wa ulendo wonse n'kugawidwa mofanana kwa akuluakulu onse. Ndikudziwa kuti ena adandaula kuti akulipirira chinthu chimene iwo sakuchifuna. Ndawamva, koma ndikuona kuti akulu aganiza bwino. Pasipoti imene muli nayo lero ambiri munaipeza mutadutsa m'mizere yomweyi, ndipo panali wina amene anakugwirani dzanja.

Alipo ena pakati pathu amene sangathe kutuluka m'dziko lino pakali pano, pa zifukwa zimene akudziwa iwo ndi Mulungu wawo. Pasapezeke wofunsa mnzake pagulu kuti bwanji dzina lanu silili pa mndandanda, ndipo mapepala a munthu asakhale nkhani ya pa gulu la WhatsApp kapena ya pa tiyi tikaweruka. Chifukwa cha iwowa, ndi chifukwa cha okalamba amene sangapirire maola ambiri pabasi, padzakhalanso ulendo wa tsiku limodzi wa kunyanja mkati mwa dziko lino, umene sufuna chikalata chilichonse, ndipo ine ndidzapita nawo pa maulendo onse awiri.

Ine si mlangizi wa malamulo a zolowa ndi kutuluka, ndipo lamulo la kuno limafuna kuti wopereka uphungu pa nkhani ya munthu payekha akhale wovomerezeka. Amene nkhani yanu ili yopota, monga a zikalata zoyendera za othawa kwawo, bwerani mudzandione panokha ndikulozereni kwa oyenera. Malamulowa amasinthanso, choncho musanagule tikiti onani tsamba la boma la gov.uk ndi la kazembe wa dziko limene mukupita. Lamulungu likudzali tikaweruka, atumiki awiri ndi achinyamata odziwa kompyuta adzakhala m'chipinda cha Sande sukulu kuthandiza kuwerenga masiku a mapasipoti ndi kulowa pa akaunti ya UKVI. Munthu azilowa mmodzimmodzi, ndipo palibe chimene chidzalembedwe kapena kujambulidwa. Ofuna ulendo wa ku Netherlands apereke maina kwa mlembi wa mpingo mwezi uno usanathe, kuti ofunika viza ayambe kufunafuna tsiku lokaonekera.

Ambuye akusungeni inu ndi mabanja anu.

Ine mtumiki mnzanu mwa Khristu,

M'busa wanu